Sefa za Silika za kwa a Kagaya

Misaki, 4 Epulo 1954

Amake Tokie,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana wathu, ndiponso kuti bondo lanu lija lasiya kuvuta tsopano poti chipale chofewa chayamba kusungunuka. Ine kuno ndili bwino, kungoti chimfine cha padoko sichitha.

Ndinalonjeza kuti mwezi uno ndifika kudzakonza nazale ya mpunga. Sindibwera. Musayambe kukalipa musanafike kumapeto.

Mwamva pawailesi za bomba limene Amereka anaphulitsa kuzilumba za kum'mwera, ndi phulusa limene linagwera asodzi aja. Kuno nkhaniyo yatiphera ntchito. Tuna akangotsika m'sitima, pamabwera anthu ovala zoyera ndi kabokosi kolira koyezera poizoni wa bomba, n'kukayendetsa pamimba ndi kumutu kwa nsombayo. Kakalira kwambiri, nsomba yonse, yaikulu kuposa ine, imakatayidwa. Ine amene ndasenza nsomba zimenezi nyengo yonse yachisanu, ine amene mumandiseka kuti ndimawongola misomali yadzimbiri, ndimaima pamenepo mtima ukuwawa. Ngakhale zimene sizinalire palibe akugula. Osenza nsombafe atiuza kuti tizipita kwathu.

Koma ndapeza ntchito ina. Pali sitima ya akatswiri imene ikupita kum'mwera komweko kukayeza madzi a m'nyanja, ndipo ikufuna anthu okoka maukonde. Ambiri akana. Malipiro ake ndi owirikiza, ndipo ukwati wa Tokie uli mu Novembala. Kabati, zofunda ndi zovala za mkwatibwi sizingachoke m'munda wathu uja, mukudziwa nokha.

Tsopano mverani bwino. Aliyense akafunsa, ine ndikusenza simenti ku Yokohama. Makamaka kwa ankhoswe athu a Onodera, ndi kwa apongozi a Tokie, Mayi Kagaya. Mukukumbuka mwana wa asuweni anu uja, mmene banja la mnyamata linathetsera chitomero litangomva kuti anali ku Hiroshima chaka cha bomba, chonsecho mtsikanayo sanadwalepo ndi mutu womwe. A Kagaya amagulitsa zakudya, timakeke ta mpunga timene mudzi wonse umadya. Akangomva mawu akuti phulusa pafupi ndi dzina lathu, mwana wawo Shozo amupezera mkazi kwina. Tokie yemwe musamuuze, pakamwa pake mpopepuka akakhala wosangalala.

Pemphani achimwene anu akuthandizeni kuwoka mpunga, ndidzawabwezera ndi manja anga chaka chamawa. Nkhuku musagulitse.

Ine mwamuna wanu,
Tomeji


Panyanja, 12 Juni 1954

Amake Tokie,

Kalatayi ndidzaiponya tikabwerera, koma ndikulemba lero chifukwa ndakusowani. Muli bwanji kumeneko? Mpunga wagwira? Ine ndili moyo. Kutentha kwa kuno sikoti munthu wa kwathu ku Akita n'kukuzolowera.

Ntchito yanga ndi iyi. Timatsitsa m'nyanja ukonde wooneka ngati thumba lalitali lowonda kumapeto, ndipo kumapetoko kuli kabotolo. Ukondewo ndi wa silika. Silika weniweni, amake Tokie, woyera, wa timabowo toti simungatione. Tsiku loyamba ndinachita kuupukutira manja ndisanaugwire. Tikaukoka, ndimautsuka ndi madzi kuti zonse zimene zamatirira zitsikire m'kabotolo. Zimene zimatsikazo ndi tizilombo ta m'nyanja tating'ono kuposa nsabwe za nkhuku, ndipo tikaunjikana timangooneka ngati phala lofiirira.

Phalalo ndimakapereka kwa a Kurihara, katswiri wake wa tizilomboti. Ndi munthu wofatsa, wa magalasi, amene nyanja sinamukonde, moti chidebe chake sichichoka pambali. Amaumitsa phalalo pakambale n'kuliika pansi pa kabokosi kolira kaja. Akaikapo madzi okha, kamalira mwa apo ndi apo. Sabata yatha ataikapo tizilomboti, kanalira ngati mvula padenga la malata.

Ndinawafunsa kuti, "A Kurihara, madzi ndi omwewo, nanga tizilombo tokha tikulira chonchi bwanji?"

Iwo anati, "Timasefa madzi tsiku lonse, bambo Tomeji, ndiye poizoni wa bomba amatsalira m'matupi mwawo. Tinsomba timadya tizilomboti, tuna amadya tinsombato. Ndi mmene zimafikira pamsana panu padoko."

Wophika wathu Matsukichi, mkulu wa pakamwa posatseka, anati, "Ndiye iwe mlimi ukumagwira phala limeneli tsiku ndi tsiku, ukafika kwanu mkazi wako nyali akagulitse. Uzikangoima pakati pa nyumba ukuwala, iye n'kumasoka."

Ndinamuyankha kuti iye wawala kale pamutu popanda bomba. Tinaseka, koma madzulo amenewo mpunga unatsala m'mbale zambiri.

Atipatsa magolovesi a labala ndi nsalu zotseka kukamwa. Chingwe chonyowa chimaterera m'magolovesi, ndiye nthawi zina ndimavula. Musadandaule nazo. Kusamba madzi a m'nyanja atiletsa, ndipo madzi abwino ndi ochepa, moti mukanandinunkhiza lero mukanandigoneka ndi nkhuku zija.

Tokie azipita kukathandiza kushopu kwa apongozi ake akamuitana, koma asamaseke mokweza monga amachitira kwathu.

Tomeji


Misaki, 9 Julaye 1954

Amake Tokie,

Tabwerako bwino, ndipo ndapeza kalata yanu ikundidikira kwa mayi a nyumba imene ndimagona. Ndakondwa kuti nonse muli bwino ndiponso kuti achimwene anu sanakugwiritseni mwala. Ine ndaonda pang'ono. Madokotala atitenga magazi tonse, akuti tipitenso kumapeto kwa mwezi. Ndi mwambo wawo chabe.

Ndalama ndatumiza kupositi. Kalipireni kabati kwa kalipentala, koma muuzeni kuti matabwa akhale ouma, osati aja anapangira ya mwana wa a Onodera, imene zitseko zake zinapindika chaka chisanathe. M'phukusi muli shuga, sopo, ndi chipeso cha Tokie. Pansi penipeni, m'pepala labulauni, muli chinthu chanu.

Tsiku lomaliza kukoka, ukonde wa silika uja unakodwa pachitsulo n'kung'ambika mbali imodzi. A Kurihara anangouyang'ana n'kunena kuti, "Uwu watha ntchito, uikeni mumgolo wa zotaya." Basi, silika wautali kuposa chitseko chathu, wong'ambika malo amodzi okha, akatayidwe. Anthu ophunzirawa sanasowepo kanthu. Ndinaunyamula mpaka pamgolo, manja anakana. Ndinadula mbali yabwinoyo, yotsalayo n'kuponyamo.

Musaope. Poizoni ali m'tizilombo, ndinamva ndi makutu anga, ndipo tizilombo tonse ndinatichotsa. Ndinachapa ndi sopo katatu titafika padoko, ndi madzi a pampope, mpaka wayera kuposa mmene analili. Sefa yanu ija ya mabowo olowa chala itayeni tsopano. Uyu amukhomerere pathabwa kalipentala yemweyo, mudzaona ufa wake. Wotsala musunge, Tokie adzapite naye kubanja.

Akatswiri andisunga ntchito. Ndizitsuka mabotolo kunyumba yawo yoyezera, ndi kukoka ukonde m'maulendo aafupi a m'mphepete muno. Ndiye ndikhala mpaka masiku a ukwati atayandikira.

Za Yokohama musaiwale.

Tomeji


Misaki, 3 Ogasiti 1954

Amake Tokie,

Moni nonse. Ine ndili bwino. Adokotala akuti magazi anga achepa mphamvu pang'ono, ndizidya mazira. Ndinawafunsa ngati mazirawo azigula iwo.

Kalata yanu yandiseketsa mpaka mayi a nyumba anabwera kudzasuzumira. Ine kukutumizirani silika kuti mupumule kusefa ufa kawiri, inu n'kumukulunga bwinobwino kukapereka kwa a Kagaya ngati mphatso ya pakati pa chaka. Poyamba ndinakwiya. Kenako ndinaganiza kuti mwachita zanzeru kuposa ine. Chaka chatha tinawapatsa bowa wouma, ndipo ndinaona mmene mayi aja anamulandirira ndi zala ziwiri. Kwa anthu opanga timakeke, palibe mphatso yoposa nsalu yosefera.

Mwalemba kuti Mayi Kagaya anamuyang'anitsa silikayo padzuwa n'kunena kuti, "Silika wotere amuna anga anamufunafuna mpaka ku Sendai osamupeza. Kodi simenti ya ku Yokohama amaisefa ndi zimenezi?" Mayi amene uja ndi mfiti ya mafunso. Mwayankha bwino kuti ndinagula kwa amalonda a padoko.

Ndipo akuti anauza Tokie pamaso pa antchito kuti akuchokera kubanja lodziwa zinthu. Mwana wanga amene uja, wolowa m'shopu imene ija ali wowerama, tsopano azilowa mutu uli m'mwamba. Timizere tiwiri timene anandilembera pansi pa kalata yanu ndawerenga kambirimbiri. Akuti Shozo wamuphunzitsa kuumba timakeke tooneka ngati maluwa, ndipo take timatuluka ngati achule. Muuzeni kuti achule nawonso amadyedwa.

Pa chikondwerero cha mizimu sindikhalapo. Mukayatse zofukiza kumanda kwa bambo ndi mayi m'malo mwanga, ndipo muwauze kuti mdzukulu wawo akupita kunyumba yabwino.

Tomeji


Misaki, 21 Ogasiti 1954

Amake Tokie,

Werengani kalatayi muli nokha. Ndili bwino m'thupi.

Dzulo anatituma kutulutsa migolo ya zotaya za ulendo uja kuti ikakwiriridwe. A Kurihara anafuna ayeze zonse zisanapite. Anatulutsa magolovesi akale, nsanza, zingwe, kenako chidutswa cha ukonde chimene ndinasiya chija. Atayandikiza kabokosi, kanalira. Osati ngati tsiku la panyanja lija, koma kanalira moti Matsukichi, amene anabwera kudzatithandiza kunyamula, anabwerera m'mbuyo.

Ndinati, "Ndi tizilombo totsalira timeneto. Ukanachapidwa ndi sopo sukanalira."

A Kurihara anapukusa mutu. "Ayi, bambo Tomeji. Ukonde umene wakokedwa m'madzi aja mwezi wathunthu, zina zimalowerera mu ulusi momwe. Sopo amachotsako, koma osati zonse. Kukanakhala kung'ambika kokha ndikanakuuzani kuti muusoke." Kenako anautambasula n'kunena kuti, "Koma ukondewu unali wautali kuposa apa."

Matsukichi anandiyang'ana, poti anauona uli poyanika kumene ndimagona. Pakamwa pake posatseka paja panatseka. Ine ndinati mwina mbali inayo inapita ndi nyanja.

Amake Tokie, silika uja achoke kwa a Kagaya. Lero ndapita ku Yokohama kwenikweni, ulendo wanga woyamba, ndafufuza mpaka ndapeza shopu ya anthu a zigayo, ndagula silika wosefera watsopano. Wadya ndalama za zofunda, tidzaona pambuyo. Ndikutumiza ndi kalatayi. Pitani naye mukanene kuti woyamba uja ndazindikira kuti anali wachikale, ndachita manyazi, ndikufuna kusinthitsa ndi wabwino. Nenani chilichonse chimene chingabwere m'mutu mwanu, kupatula choona. Mukamutenga, mumuike m'chitini, mutseke, musunge kukhola, osati m'nyumba.

Timakeke ta kushopu akakupatsani, landirani ndi manja awiri, koma musadye. Tokie muuzeni kuti mkwatibwi sayenera kunenepa.

Ndiyankheni tsiku lomwelo.

Tomeji


Misaki, 19 Sepitembala 1954

Amake Tokie,

Kalata yanu ndalandira. Sindikukudzudzulani, mwayesetsa. Pepani kuti bondo layambiranso chifukwa choyenda maulendo awiri opita kutauni.

Ndikanayenera kudziwa ndekha. Mphatso imene yadutsa pakati pa nyumba ziwiri zotomerana siibwerera, ikabwerera ndiye kuti ukwati ukubwerera nawo. Ndikumuona Mayi Kagaya akulandira silika watsopanoyo, kuthokoza, n'kumutsekera m'kabati, kenako n'kunena zimene mwalembazo: "Woyamba uja ali kale pa sefa zitatu, ndipo wabweretsa mwayi m'nyumba muno. Kapena kwanuko mwasintha maganizo pa za ana athu?" Pamenepo munthu ungayankhe chiyani? Ulendo wachiwiri munachita bwino kusatchulanso.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi mzere wanu womaliza. Mwati kumayambiriro kwa Okutobala ayamba kusefa ufa wa timakeke ta chikondwerero cha kukachisi, timene amagawira ana onse a m'mudzi, ndipo kuti chaka chino wosefa ndi Tokie, kuti anthu amuone mpongozi ali pantchito.

Ndinapita kwa a Kurihara, ndinagwada, ndinawauza zonse. Ndimayembekezera kuchotsedwa ntchito. Iwo anangovula magalasi.

Ndinati, "Ingondiuzani kuti n'zochepa, ine ndikhale chete, mwana wanga akwatiwe."

Anati, "Mwina n'zochepadi. Munachapa, ndipo poizoni wa mtundu umenewu amanka nafooka miyezi ikamapita. Koma sindinganene chinthu chimene sindinayeze. Bweretsani nsaluyo."

"Nsaluyo siingatuluke m'nyumba imene ija popanda kunena kumene inachokera."

"Ndiye sindikudziwa, bambo Tomeji."

Ndinawafunsa ngati mwana wawo wamng'ono uja angamupatse keke ya ufa wodutsa pamenepo. Anayang'ana pansi, n'kunena kuti ayi.

Matsukichi akuti ndine chitsiru kawiri, poba nsanza ndi pofuna kuulula. Akuti, "Akhala akusefera kuyambira Julaye, wafa ndani? Tseka pakamwa, Novembala si kutali, akakwatiwa wakwatiwa." Masiku angapo ndinagwirizana naye. Koma ndikamatsuka mabotolo ndimangoona ana a m'mudzi ali pamzere pamasitepe a kachisi, manja ali m'mwamba, ndipo ambiri ndimawadziwa ndi mayina. Ndimaonanso ufa uli m'tsitsi la Tokie.

Valani chovala chanu chakuda chija mupite kwa a Onodera. Muwauze zonse, za sitima, za kum'mwera, za mgolo. Iwo ndiwo akanene kwa a Kagaya, ndi ntchito ya ankhoswe. Anene kuti inu simunadziwe kanthu, ndiponso kuti Tokie sanagwirepo madzi amenewo, wolakwa ndine ndekha. Mwina Shozo alimba mtima. Ndinamuona mmene amamuyang'anira Tokie.

Koma musanapite, khalani pansi ndi Tokie. Asamve kwa anthu.

Tomeji


Misaki, 30 Okutobala 1954

Amake Tokie,

Ndachedwa kuyankha. Kangapo ndakhala pansi ndi pepala, n'kudzukanso. Mwati mwanayo wayamba kudya pang'ono, ndathokoza. Inuyo mukudya? Ine magazi akuti abwerera m'malo mwake.

Tsoka lake, a Onodera anapita kwa a Kagaya sabata yomwe wailesi inalengeza kuti mmodzi wa asodzi a phulusa aja wamwalira kuchipatala. Ngakhale akanapita sabata ina, sindikudziwa ngati zikanasintha. Kuti a Kagaya athetsa ukwati, ndinakonzeka. Chimene chandilasa ndi chakuti mutafuna kubweza mphatso zawo za chitomero, anati musabweze, mutenthe komweko. Kuphatikizapo nsalu yawo ya chitomero ija imene Tokie amaitulutsa kuti angoiyang'ana. Ndipo Shozo osatuluka n'komwe kudzapereka moni kwa a Onodera. Sindimutukwana. Mwati a Kagaya ataya matumba onse a ufa, ndipo anthu akudutsa shopu yawo ngati muli maliro. Nawonso ndawaphera chaka.

Chitini cha sefa zija chimene a Onodera anatumiza chinafika Lolemba. Sefa zitatu, zokhomedwa bwino ndi timisomali tamkuwa, ufa ukadali m'mphepete. A Kurihara anatseka chitseko, tinatsala awiri. Anayamba ayeza chipinda chopanda kanthu, chifukwa kabokosi kaja kamalira pang'onopang'ono paliponse, ngakhale m'nyumba mwathu kangalire. Kenako anaika sefa yoyamba.

Kanalira chimodzimodzi. Apo ndi apo, ngati madzi odontha padenga mvula itatha.

Anaika yachiwiri, yachitatu. Anadula kachidutswa, anakawotcha, n'kuyeza phulusa lake mpaka madzulo. Akuti pali kanthu kakang'ono, kochepa moti akanakhala wina sakanakaona.

Amake Tokie, pali chinthu chimene sindingauze munthu wina. Nthawi yonse imene ankayezayo, ine ndinali kupempha mumtima kuti kalire. Ndinkafuna kalire ngati tsiku la panyanja lija. Ndinaima pamenepo, bambo wa mwana, ndikulakalaka kuti zipezeke kuti mudzi wonse wadya poizoni miyezi iwiri, kuti ndikhale ndi chomuuza Tokie. Nditazindikira zimene ndikupemphazo ndinatuluka panja.

Ndinawafunsa a Kurihara kuti, "Ndiye ndathetsa ukwati wa mwana wanga pachabe?"

Anati, "Mu Julaye mwina zikanalira kuposa apa. Mwina sopo wanu anachotsa zambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Lero sindingadziwenso." Analemba pepala lofotokoza kuti sefazo zilibe choopsa, anadindapo chidindo chawo. Ndalitumiza kwa a Onodera kuti mwina makasitomala a shopu abwerere. Za ukwati musayembekezere kanthu. Vuto lawo tsopano si sefa, ndi magazi a bambo wake wa mkwatibwi.

Sefazo anandibwezera, akuti ndichite nazo zimene ndikufuna. Ndi zabwinobwino, zingasefe zaka khumi. Ndinapita nazo kumapeto kwa doko, ndinaziponya m'madzi. Ndi chinthu choyamba chabwino chimene ndataya chibadwire.

Kabati musamuletse kalipentala, amalize. Ikani kuchipinda cham'kati, muiphimbe.

Mwalemba kuti Tokie sananene mawu oipa ndi amodzi omwe, anangofunsa kuti, "Akayeza, mudzandiuze kuti zinalira bwanji." Musamuuze inu, ndiponso musamunamize. Ntchito ikutha pa 10 Novembala, ndifika ndi sitima yamasana tsiku lotsatira, ndidzamuuza ndekha. Chaka chilichonse Tokie amabwera kusiteshoni kudzandilandira katundu. Ulendo uno, ngati sanyamuka yekha, musamutume.

Ine mwamuna wanu,
Tomeji